Kusoketsa matisheti ndi zikwama zachikopa ku India: musanatumize ndalama

Funso lachokera kwa mayi wina amene ali ndi shopu ya zovala ku Lilongwe. Akuti atopa ndi kupikula katundu ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg, ndipo akufuna kusoketsa wawowawo wokhala ndi dzina la shopu yawo: matisheti 600 a mitundu isanu ndi umodzi, komanso zikwama ndi malamba achikopa okwana 200. Pa intaneti apeza kampani ya ku India yomwe ikuti imapanga zonsezi pa mtengo wotsika, bola atumize theka la ndalama. Akufunsa ngati atumize.

Mayi, musatumize kaye. Si kuti ku India n'kolakwika ayi, kuli mafakitale odziwa ntchito pa zinthu zonse mwatchulazi. Chimene chikusowa ndi chakuti pakadali pano palibe pepala kapena sampulo yosonyeza chimene mukugula. Mtengo wa tisheti yomwe simunanene kulemera kwa nsalu yake, muyeso wake ndi kasokedwe kake ulibe tanthauzo, chifukwa wosoka amatha kufika pa mtengo uliwonse umene mwamupatsa pongochepetsa zinthu zimene simunazilembe.

Tiyambe ndi kampaniyo. Ku India ntchito zimenezi zili ndi kwawo. Matisheti ndi zovala zina za nsalu yotamuka amasoka kwambiri ku Tiruppur, m'chigawo cha Tamil Nadu, kufupi ndi Coimbatore. Zikwama zam'manja ndi mawaleti achikopa kwawo ndi ku Kolkata. Ku Kanpur ndi kwa chikopa chokhuthala cha njati zoweta, chimene amapangira malamba ndi zishalo za akavalo, pomwe ku Ambur ndi ku Ranipet amadziwika ndi nsapato ndi kufufuta zikopa. Makina osokera tisheti ndi osokera chikopa ndi osiyana, amisiri akenso ndi osiyana. Ndiye kampani ikati imapanga zonse, dziwani kuti ndi mkhalapakati amene amakapereka ntchito kwa ena. Umenewo si mlandu, ndipo kwa oda yaing'ono ngati yanu mkhalapakati wabwino amathandiza, koma anene poyera kuti ndi mkhalapakati, ndipo akuuzeni fakitale imene idzasoke katundu wanu.

Mupempheni nambala ziwiri: IEC, yomwe boma la India limapereka kudzera ku DGFT, nthambi yake yoona za malonda akunja, kwa aliyense wotumiza katundu kunja, ndi GSTIN, nambala ya msonkho ya zilembo ndi manambala 15. GSTIN mutha kuifufuza nokha pa tsamba la GST la boma la India n'kuona ngati dzina ndi adiresi zikugwirizana ndi zimene zili pa invoisi. Mufunsenso ngati ali membala wa Tiruppur Exporters' Association, wa AEPC (bungwe la otumiza zovala kunja), kapena wa Council for Leather Exports pa nkhani ya zikopa. Kenaka muimbireni pa WhatsApp ya kanema nthawi ya ntchito, mosapangana, ayende nanu m'fakitalemo muone matebulo odulira nsalu, mizere ya osoka ndi makatoni. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa ya kwathu ndi maola atatu ndi theka, choncho muimbe m'mawa.

Tsopano matisheti, pomwe pali mfundo yoyamba imene isinthe mapulani anu. Fakitale siisunga nsalu ya mtundu uliwonse. Imagula ulusi, imalukitsa nsalu, kenaka imakanyikitsa mu utoto, ndipo makina onyikira amafuna makilogalamu ochuluka nthawi imodzi. Kilogalamu imodzi ya nsalu imatulutsa matisheti aakulu pafupifupi anayi, kuwerengera ndi zidutswa zotayika podula. Matisheti 600 ndi makilogalamu pafupifupi 150. Mukawagawa mitundu isanu ndi umodzi, mtundu uliwonse ukhala makilogalamu 25 okha, ochepa kwambiri kwa onyika. N'chifukwa chake mafakitale ambiri amafuna matisheti 300 mpaka 500 pa mtundu umodzi. Amene wavomera 100 pa mtundu popanda kukweza mtengo, nthawi zambiri amakagula nsalu zotsala pa maoda a ena, ndipo mudzapeza kuti zofiira zina n'zowala, zina n'zoderako, mwinanso mkono ndi thupi la tisheti imodzi zosiyana. Langizo langa ndi lakuti mutenge mitundu iwiri, 300 pa uliwonse, kapena mufunse mitundu imene nsalu yake ilipo kale yochuluka, monga yoyera, yakuda ndi ya navy.

Mulembe pepala lofotokoza tisheti yanu, limene amalonda amenewa amalitcha tech pack. Lisakuopseni, masamba awiri kapena atatu ndi okwanira, bola mulembemo izi momveka. Nsalu: thonje lokhalokha la combed (lopesedwa kuti ulusi usalale), single jersey (kalukidwe ka tisheti wamba), 180 GSM. GSM ndi kulemera kwa nsalu m'magalamu pa sikweya mita. Ya 140 imaonekera mkati ndipo siichedwa kutha, ya 160 mpaka 180 ndiyo tisheti yabwino ya tsiku ndi tsiku, pomwe gofu ya kolala imafuna nsalu ya pique ya 200 mpaka 220. Mutha kuyeza nokha: dulani kachidutswa ka masentimita 10 mbali zonse, kaikeni pa sikelo yaing'ono yoyezera golide kapena mankhwala, ndipo chulukitsani ndi 100. Kakalemera magalamu 1.8, nsaluyo ndi 180. Kakalemera 1.5, akuberani.

Muyeso musaulembe ndi zilembo zokha. M wa ku India kawirikawiri amakhala wocheperako poyerekeza ndi M amene makasitomala anu anazolowera kuchokera ku South Africa. Tengani tisheti imene imayenda malonda pa shopu panu, iyaleni pa tebulo, yezani chifuwa kuchokera kukhwapa mpaka kukhwapa, kutalika kuchokera paphewa, mulifupi mwa mapewa, mkono ndi khosi, pa saizi iliyonse, m'masentimita. Lembani kuti mukulola kusiyana kwa sentimita imodzi yokha. Lembaninso kuchuluka kwa saizi iliyonse molingana ndi mmene mumagulitsira, osati mmene fakitale yasankhira, chifukwa S akachuluka amagona pa shelefu. Onjezani kuti pakhosi pakhale rib (kansalu ka mizere kozungulira khosi) yokhala ndi ulusi wotamuka wa elastane pang'ono kuti isatamuke, kumapewa ndi kumbuyo kwa khosi kukhale tepi yolimbitsa msoko, ndipo mpendero wam'munsi usokedwe ndi singano ziwiri.

Masampulo amabwera motsatizana. Poyamba amatumiza tizidutswa ta nsalu tonyikidwa kuti musankhe mtundu, ndipo ndi bwino kutchula nambala ya Pantone (buku la mitundu momwe mtundu uliwonse uli ndi nambala yake) m'malo mongoti "wobiriwira", popeza foni iliyonse imaonetsa mtundu mwa njira yake. Kenaka sampulo yoyamba yoonera maonekedwe, kenaka imodzi pa saizi iliyonse, ndipo pomaliza sampulo ya PP (pre-production, ya ntchito yaikulu isanayambe), yosokedwa ndi nsalu yeniyeni, lebulo yeniyeni ndi chidindo chenicheni zimene zidzagwiritsidwe ntchito. Ya PP ikhale iwiri yofanana. Musaine pa zonse ndi peni yosafufutika, ina musunge, ina mubweze ku fakitale. Imeneyi ndiyo mboni yanu pakadzabuka mkangano. Masampulo ndi DHL mudzalipira nokha, ndipo musadandaule nazo, ndi ndalama yochepa kwambiri imene ingakupulumutseni mu ntchito yonseyi.

Sampulo ikafika, ichapeni katatu monga amachapira makasitomala anu, ndi sopo wa ufa, kufikisa ndi manja, kuyanika padzuwa. Muyeze isanachapidwe ndi itauma. Tisheti ya masentimita 70 isafupike kupitirira masentimita atatu ndi theka, omwe ndi 5 peresenti. Muyang'ane msoko wam'mbali: ukapotokera kutsogolo, nsaluyo sanaikonze bwino ataichotsa mu utoto, ndipo katundu yense adzatero. Muviike yakuda pamodzi ndi kansalu koyera muone ngati ikutaya utoto. Kokani chidindocho ndi manja awiri. Chikang'aluka n'kuoneka mizere, inki sinapse bwino ndipo idzayamba kusupuka ikachapidwa kangapo.

Pa zikopa ndi pomwe anthu ambiri amalira, chifukwa mawu akuti genuine leather sanena chilichonse za ubwino wa chikopa. Chikopa cha ng'ombe kapena njati chimakhala chokhuthala, ndipo ofufuta amaching'amba pakati kukhala zigawo. Chigawo chapamwamba, kumene kunali ubweya, ndicho cholimba. Chikasiyidwa ndi khungu lake lachilengedwe chimatchedwa full grain. Chikapalidwa kuti zipsera zichoke n'kupakidwa utoto ndi kudindidwa maonekedwe atsopano, ndi corrected grain, chomwe n'chabwinobe. Chigawo chapansi ndi split, chofooka, ndipo amakonda kuchimata pulasitiki pamwamba kuti chioneke ngati chenicheni. Chimenechi chimasupuka m'makona mwa chikwama pasanathe chaka. Pansi pa zonse pali bonded, zinyenyeswa za chikopa zoumbidwa ndi guluu, ndi PU, pulasitiki yomwe si chikopa n'komwe. Pa pepala lanu mulembe nyama yake, chigawo chake, kafufutidwe kake ndi kukhuthala kwake m'mamilimita. Thupi la chikwama cham'manja limafuna 1.2 mpaka 1.4. Waleti imafuna chopyapyala, cha m'ma 0.8 mpaka 1.0. Lamba wachibambo wa chikopa chimodzi akhale 3.5 mpaka 4.

Kafufutidwe kali pawiri. Kufufuta ndi chrome kumapereka chikopa chofewa, chosavuta kunyika mitundu, choyenera zikwama. Kufufuta ndi makungwa a mitengo kumapereka chikopa chouma gwa, chimene chimada mokongola chikamakalamba, ndipo ndicho cha malamba. Ngati mukuganiza zodzagulitsako kwa abale a ku Ulaya, dziwani kuti kuyambira mu 2015 malamulo a EU salola katundu wachikopa wokhudza khungu wokhala ndi chromium VI (mankhwala oopsa amene amatha kupezeka m'chikopa chofufutidwa ndi chrome) yofika mamiligalamu 3 pa kilogalamu, ndiye mupemphe lipoti la ku labotale.

Gulani masampulo awiri a lamba, ndipo mmodzi mumudule ndi lezala pakati. Lamba weniweni mkati mwake mumaoneka chinthu chimodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, chokhala ndi timinyewa tolukana. Wachinyengo mudzaona zigawo zitatu: kachikopa kopyapyala pamwamba, kena pansi, ndipo pakati chinthu chotuwa chonga katoni, m'mbali atapakamo utoto kuti zisaoneke. Ameneyu ndi uja amathyoka pa bowo limene munthu amamangira tsiku ndi tsiku. Chikwama nachonso chitembenuzeni, tsegulani pang'ono nsalu yam'kati muone kuseri kwa chikopacho. Mukaona nsalu yolukidwa yomatidwa kuseri, ndi PU. Kachidutswa ka chikopa chenicheni mukakayandikiza ku moto kamanunkha ngati tsitsi lopserera, pomwe PU imasungunuka n'kununkha pulasitiki.

Komabe chikwama sichifa ndi chikopa kawirikawiri, chimafa ndi tizinthu tating'ono. Zipi ndiyo imayamba, choncho tchulani dzina ndi nambala: YKK nambala 5 pakamwa pachikwama, nambala 3 pathumba lam'kati. Zitsulo za brass zimapirira. Za zinc zokutidwa ndi utoto wagolide zimasuluka ndipo timbedza take timathyoka. Pamene chogwirira chalumikizana ndi thupi pasokedwe bokosi lokhala ndi mtanda mkati, kapena pakhomedwe rivet, ndipo kuseri kwake kukhale kachigamba kolimbitsa. Ikani mabuku olemera makilogalamu asanu m'chikwamamo, chipachikeni pa msomali masiku awiri, muone ngati misoko ikutseguka. Pindani m'mbali mwa lamba wa chikwama kambirimbiri muone ngati utoto wam'mbali ukusweka. Pomaliza khulani chikopacho ndi kansalu koyera kouma, kenaka konyowa. Utoto ukatsalira pa kansaluko, udzatsaliranso pa bulauzi yoyera ya kasitomala wanu, ndipo sadzabweranso.

Pali mdani wina amene sampulo singakuonetseni, ndiye chuku. Mvula ya monsoon ku India imagwa kuyambira June mpaka September, ndipo ku Kolkata chinyezi chimakhala chadzaoneni. Chikopa chikapakidwa chisanaumitsitse, n'kukhala masabata ambiri mu kontena imene masana imatentha usiku n'kuzizira, thukuta la kontenayo limadontha pa makatoni ndipo zikwama zimafika zitayera ndi chuku. Lembani kuti chikwama chilichonse chikhale ndi kapaketi ka silica gel, chikulungidwe m'thumba la nsalu lopitisa mpweya, mkati aikemo mapepala oyera ouma osati nyuzipepala, ndipo makatoni akhale a mapepala asanu, ouma. Za nthawi, kumbukiraninso zikondwerero: Pongal pakati pa January ku Tamil Nadu, Durga Puja cha mu September kapena October ku Kolkata, ndi Diwali mu October kapena November. Antchito amapita kwawo ndipo ntchito imaima masiku angapo.

Pa malipiro, theka ndi lochuluka kwa munthu amene simunachitepo naye malonda. Chizolowezi ndi 30 peresenti poyamba, ndipo imeneyi muitumize mutasaina sampulo ya PP ndi proforma invoice (invoisi yoyambirira yogwirizanirana mtengo) imene yatchula pepala lanu lija, tsiku lomaliza ntchito, ndi kuti 70 peresenti yotsala idzaperekedwa katundu akayenderedwa n'kuvomerezedwa. Ndalama idutse ku banki, ipite ku akaunti ya ku India ya dzina lomwelo limene lili pa IEC. Mukadzalandira imelo yoti akaunti yasintha, musakhulupirire. Imbani pa nambala imene mumalankhulirana kale, chifukwa akuba amalowa m'maimelo a makampani n'kusintha manambala a akaunti pa invoisi. Musatumize kudzera mwa munthu wapadera amene akuti ali ndi madola kunja, popeza mudzakhala mulibe umboni wa ku banki wa SWIFT wosonyeza kuti ndalama yatumizidwa, komanso n'kuphwanya malamulo a ndalama zakunja.

Apa pali vuto la kwathu lenileni. Madola ku banki amadikiritsa, ndipo fakitale siidzatulutsa katundu isanalandire 70 peresenti ija. Kalankhuleni ndi banki yanu musanasaine chilichonse, mudziwe mapepala amene akufuna ndi nthawi imene mungadikire, ndipo muuze fakitale zoona zake. Kumbukiraninso kuti mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atalipira gawo loyamba lokha anapeza kuti gawo lotsala likufuna makwacha ochuluka kuposa amene anasunga. Mpamba wanu wonse usathere mu oda; musiyeko wina woti ungakuombolereni katundu zinthu zitasintha.

Kuyendera katundu musakudumphe. Makampani monga SGS, Intertek, Bureau Veritas ndi QIMA amatumiza munthu ku fakitale pa mtengo wa madola mazana angapo pa tsiku, katundu atasokedwa yense ndipo wambiri atalowa m'makatoni. Muwapatse pepala lanu ndi zithunzi za sampulo ya PP, muwauze kuti agwiritse ntchito AQL 2.5, muyeso wa kuchuluka kwa zolakwika zololedwa. Pa katundu wa pakati pa 501 ndi 1,200, woyenderayo amasolola 80 m'makatoni amene wasankha yekha. Akapeza zolakwika zazikulu pa zisanu kapena kucheperapo, katundu wapambana, zikafika zisanu ndi chimodzi walephera, ndipo fakitale ikonze ndi ndalama zake asanabwerenso. Mphamvu yanu yonse ili pa 70 peresenti imene mwagwirayo. Ikangopita, kudandaula kwanu kumangoyankhidwa ndi lonjezo loti adzakuchotserani pa oda yotsatira.

Mtengo umene akupatsaniwo mufunse kuti ndi wa EXW, FOB kapena CIF. EXW ndi wa pakhomo pa fakitale, zina zonse n'zanu. FOB ndi wofikitsa katundu m'sitima pa doko la ku India, monga Tuticorin kapena Chennai kwa katundu wa ku Tiruppur. CIF ndi wofika pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, osati ku Lilongwe, ndipo apa ambiri amanamizika: zolipira pa doko, za ejenti ndi za lole yodzera ku Mwanza, Dedza kapena Songwe zimatsalabe kwa inu. Pa katundu wochepa wolowa mu kontena ya anthu ambiri, zolipira zapadokozi nthawi zina zimaposa mtengo wa sitima. Ndi bwino kugula pa FOB n'kupeza kampani yanuyanu yonyamula katundu imene ikulembereni mtengo umodzi mpaka ku Lilongwe.

Muwerengerenso ndege. Katoni ya masentimita 60 ndi 40 ndi 30 imalowa matisheti pafupifupi 60, ndiye 600 ndi makatoni khumi, osakwana kiyubiki mita imodzi, olemera makilogalamu cha m'ma 130. A ndege amachulukitsa mbali zitatu za katoni n'kugawa ndi 6,000, kapena 5,000 ngati ndi DHL ndi anzake, kenaka amalipiritsa chimene chakula pakati pa yankholo ndi kulemera kwenikweni. Matisheti amabwera pafupifupi chimodzimodzi, koma zikwama zimadya malo: katoni ya 60 ndi 40 ndi 40 imawerengedwa makilogalamu 16 ngakhale italemera 8. Pa sitima, kuchokera tsiku losaina sampulo mpaka katundu kufika pa shopu, werengerani miyezi inayi kapena isanu. Wa Khirisimasi ayambike mu June.

Ku MRA msonkho amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza wonyamulira ndi inshuwalansi, ndipo VAT imakwera pamwamba pa zonsezo. India sali mu SADC kapena COMESA, choncho kuchotsera kumene katundu wa m'maiko oyandikana nawo amapeza kulibe. Pitani kwa kiliyaring'i ejenti wovomerezeka, osati madobadoba a pachipata, mum'patse manambala awa a HS, amene a kasitomu amazindikirira mtundu wa katundu: 6109 ya matisheti, 4202 ya zikwama ndi mawaleti, 4203 ya malamba. Akulembereni msonkho wonse wa panopa ndi zimene a Malawi Bureau of Standards amafuna, musanaode. TPIN yanu ikhale yokonzeka. Wogulitsa akakuuzani kuti alemba invoisi yotsika kuti msonkho uchepe, kanani. A kasitomu ali ndi mphamvu yoika mtengo wawo ndi kulipiritsa chindapusa, ndipo katundu akaonongeka inshuwalansi imabweza molingana ndi invoisi yomweyo.

Mukaphatikiza zonsezi n'kugawa ndi 600, mudzapeza mtengo weniweni wa tisheti imodzi, ndipo umenewo ndiwo muuyerekeze ndi wa ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam komanso ndi kaunjika wa nambala wani amene kasitomala wanu amamuona asanafike pa shopu panu. Ngati phindu likuonekabe, yambani ndi matisheti okha, mitundu iwiri, ku fakitale ya ku Tiruppur. Zachikopa zidikire, kapena muyambe ndi zikwama 30 mpaka 50 za mtundu umodzi kuchokera kwa osoka a ku Kolkata, zibwere pa ndege, chifukwa chikwama chimodzi chimamanga ndalama ya matisheti ambiri ndipo chimachedwa kugulidwa.

Katundu akafika, musasaine pepala la dalaivala musanawerenge makatoni ndi kuona ngati ena anyowa kapena atsegulidwa. Cholakwika chilichonse chilembedwe pa pepala lomwelo ndipo mujambule. Tsegulani makatoni onse tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa a inshuwalansi amapereka masiku ochepa odandaulira. Zikwama muzitulutse m'makatoni zipitidwe mphepo pa mthunzi, osati padzuwa, ndipo muzisunge pa mashelefu otalikirana ndi simenti ndi khoma, makamaka kuyambira December mpaka March.